Injini Yanga, Chigoba Chawo

"Alamu, ndikufunsa ngati munthu wamkulu. Ndani wakulolani kudula galimoto ya achimwene?"

A Fanuel, ang'ono awo a malemu amuna anga, anali ataima pakati pa bwalo langa manja ali m'chiuno. A Chande, makanika wa pa Nsaru, anazimitsa makina awo odulira zitsulo n'kuyamba kuyang'ana mitambo. Theka la denga la galimoto linali likulendewera ngati khutu la galu wodwala. Ine ndinali pakhonde ndi lichero la mtedza pamiyendo.

"Si munaikana nokha, alamu?" ndinayankha maso ali pamtedza. "Tsiku lija munkanyamula mipando, sola ndi mbuzi, ndinakufunsani za galimotoyi. Munati maliro amodzi akukwanirani, simungakalirenso achiwiri kwanu."

"Ndinatero, inde. Koma kukana chinthu si kunena kuti muchisende ngati mbuzi ya Khirisimasi. Musaiwale kuti muno munabwera chitengwa, make Triza. Mlendo ndi mame."

"Mame ake ati osakamuka mpaka mwana wanga wafika msinkhu wokwatiwa?"

Mawu amenewo anatuluka okha, ndipo amene anadabwa nawo kwambiri ndinali ine. A Fanuel anazungulira galimoto ija, n'kumenya ndi phazi tayala lophwa. Atasuzumira pawindo, nkhuku yomwe inkafungatira mazira pampando wa dalaivala inawabuulukira kumaso. Amayi omwe ankapita kumjigo anaima pamsewu n'kumaseka chobisa pakamwa. Pofuna kubweza ulemu, alamu anga analengeza mokweza kuti zitsulo zowolazo ndikhale nazo, ndipo tsiku lomwe zidzayende, iwo adzayenda chamutu kuchoka pamudzi pano mpaka pa Namitete. Anachoka akudzisasa nthenga pamalaya.

Galimoto imeneyi amuna anga a Chipiliro anaigula itakalamba kale. Inayenda kwawo kunja komwe inapangidwa, inakhala takisi mu Lilongwe, inachita matola mumsewu wa ku Mchinji, mpaka tinambala tosonyeza mtunda tinatopa n'kusiya kutembenuka. Inayamba kufa ndi iyo, eni ake n'kutsatira pambuyo. Pa zonse zomwe tinapeza limodzi, abale awo anandisiyira iyo, mphasa ndi miphika.

Maganizo oidzutsa anandibwerera ndili pa Nsaru tsiku la msika, nditaona amayi anzanga akulimbirana pikapu imodzi ndi madengu awo a tomato. Ndinadziona ndekha ndili pachiwongolero, anthu akunditcha abwana. Za galimoto ndinkangodziwa kuti imamwa petulo ndipo ikakwiya imatuluka utsi, koma zimenezo sizinandiletse. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

A Chande anali munthu wa pakamwa. Malinga ndi iwo, panalibe galimoto m'boma lonse la Lilongwe yomwe sinagonepo m'manja mwawo. Anandiuza kuti tidula kumbuyo konse kuti ikhale kapikapu, tiika masipiringi a lole kuti izinyamula matumba, ndipo injini tikaitenga ku galimoto ina yomwe inagubuduzika pafupi ndi Mpingu, koma injiniyo osavulala ngakhale pang'ono. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Mtedza wanga wonse wa chaka chino unalowa m'zitsulo zimenezo, pamodzi ndi tomato wa kudimba.

Sabata zotsatira pabwalo panga panasanduka galaji. Injini inafika pangolo itafunditsidwa masaka ngati wodwala. Anaikweza ndi tcheni panthambi ya mtengo wa mango, ndipo poitsitsira m'malo mwake inakana kulowa. A Chande anati vuto si injini, vuto ndi galimoto, n'kudula chitsulo china kutsogolo. Mawa lake zinaoneka kuti chitsulo chija ndi chomwe chinkagwira redieta, ndiye anachiwotchereranso. Ine ntchito yanga inali kutsuka mabawuti m'beseni la palafini ndi kupereka sipanala. Akati ndiwapatse yaing'ono ndinkapereka yaikulu, mpaka anayamba kungoloza ndi chala. Manja anga anada mpaka kumpingo amayi anzanga anayamba kundipatsa moni wapatali.

Triza, mwana wanga wamkulu, sankasangalala nazo. Ankati anthu akutiseka, ena akuti chisoni chandisokoneza mutu. Koma tsiku lomwe injini inatsokomola koyamba, n'kutsokomolanso, kenako n'kubangula mpaka nkhunda za oyandikana nawo kubalalika, amene anayamba kuvina pabwalo anali iyeyo. Ine ndinakhala pansi n'kulira. A Chande anaganiza kuti ndakumbuka malemu, n'kuvula kofia yawo mwaulemu. Zoona zake n'zakuti utsi unandilowa m'maso, ndipo misozi ya malemu inabwera pambuyo pake itapeza njira yotseguka kale.

Penti ndinasankha ndekha, yobiriwira ngati fodya wa kunazale. A Chande anawonjezapo hutala ya basi yomwe anali nayo kugalaji kwawo, akuti mphatso. Kenako anayamba kundiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira ana akaweruka. Tsiku loyamba ndinagwetsa mtengo wa golo. Lachiwiri ndinaponda buleki mofulumira, a Chande n'kupsompsona galasi. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Posakhalitsa ndinkatha kuzungulira bwalo lonse popanda wina kupemphera.

Apa ndiye ndinachita zomwe munthu wanzeru sakanachita. Njira yochokera kubwalo la mpira kupita kwathu ndi yowongoka, koma Lamulungu lina masana ndinakhotera kutsidya kwa dambo, komwe kuli nyumba ya a Fanuel. Triza anali pambali panga akundipempha kuti tibwerere. Tinawapeza alamu anga atakhala pakhonde pampando wanga wa khushoni, akazi awo a Josephine ali pa wina, wailesi ikulira ndi moto wa sola yanga. Ndinachepetsa liwiro, ndinatulutsa chigongono pawindo monga ndinkaonera madalaivala a mabasi, n'kuliza hutala ija. Mbuzi za oyandikana nawo zinadula zingwe. A Josephine anataya kapu ya tiyi. Ndinawaimikira dzanja ngati phungu wa nyumba ya malamulo, n'kudutsa.

Madzulo a tsikulo ndinadya ngati mfumukazi. Triza anangoti, "Amayi, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Amalondawo anafika Lachitatu. Anandiitanitsa kwa amalume awo a malemu, omwe ndi mwini mbumba. Ndinapeza abale atadzaza pabwalo, amuna pamipando, akazi pamphasa. Popita ndinkabwereza mawu anga njira yonse. Ndinakonza zowakumbutsa a Fanuel za ulendo wawo woyenda chamutu, zotchula mbuzi zanga imodziimodzi ndi maanga ake, zofunsa kuti anali kuti pamene ndinkasinthira amuna anga zofunda kuchipatala. Zinali zokoma kwambiri moti ndinkadziyankha ndekha m'njira.

A Fanuel anayamba ndi mawu ofewa ngati mlaliki wa pamaliro.

"Amalume, ine sindikulimbana ndi mayi wamasiye ayi. Ndikuganizira ana. Galimoto ndi chinthu choopsa. Alamu athuwa agwetsa kale golo ya ana asukulu, mawa adzagwetsa munthu, mlandu udzabwera pamtundu pathu. Komanso ndi achitsikana ndithu, mawa adzapeza banja, ndiye thukuta la achimwene akaliyendetse mwamuna wina ife tikuona? Chibale ndi fupa, sichiwola. Ndiisunge ine, ana akadzakula adzaipeza."

"Mbuzi munasunga zija zili kuti?" anafunsa Triza ali kumbuyo kwanga.

Azakhali ake anamukalipira kuti mwana sayankhula pabwalo la akulu. Amalume aja, munthu wokalamba amene sakonda phokoso, anakanda mutu kwa nthawi. Ndinkaona kuti sakufuna kundiyang'ana. Pomaliza anati mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo zomwe anasiya malemu zibwerere kwa eni mtundu. Anati Loweruka galimoto ikhale ili kwa a Fanuel. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse okoma aja anali atathawa, n'kundisiyira amodzi okha.

"Zikomo," ndinatero.

Ndipo ndinawomba m'manja, monga ndinaphunzitsidwira kuchinamwali.

Pobwerera Triza sanandiyankhulitse mpaka pamlatho wa padambo. Apo ndiye anandikhuthulira zonse. Anati lamulo lilipo loletsa kulanda katundu wa amasiye, anazimva pawailesi ndiponso kusukulu, tipite kubwalo la milandu. Ndinamuuza kuti ndikudziwa kuti lilipo, koma madzi ndimatunga pamjigo umodzi ndi azakhali ake, ndipo manda a bambo ake ali m'mudzi womwewu. Iye anati ndiye kuti ine ndimalimba mtima ndikakhala ndi hutala basi. Sindinamutsutse.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Chande. Ndinawapeza atagona pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka, ndipo ndinafotokozera miyendo ija nkhani yonse. Pofika pa mawu a amalume, akuti zomwe anasiya malemu zibwerere kwa eni, ndinaima. Ndinawabwerezanso pang'onopang'ono.

"A Chande, kodi malemu anasiya injini?"

Anatuluka pansi paja n'kukhala tsonga.

"Anasiya yakufa ija. Ili kuseri kwa khola lanu."

"Nanga matayala, batire, masipiringi?"

"Mayi, musandiuze kuti ndiphwasule ntchito ya manja anga. Galimoto imene ija palibenso ina ngati iyo kuchokera pano mpaka ku Kasiya."

"N'chifukwa chake sindikufuna kuiona ikudutsa pakhomo panga ine ndili ndi dengu pamutu."

Anadandaula kwa nthawi yaitali. Anati anthu adzanena kuti a Chande amalowerera nkhani za mabanja, anati a Fanuel amabweretsa njinga yawo yamoto kugalaji kwawo. Kenako anakumbuka kuti mayi awo omwe anatuluka m'nyumba ya bambo awo ku Nambuma ndi chitenje chimodzi chokha. Anayamba kulongeza zitsulo zawo m'thumba.

Lachisanu tcheni inakweranso mumtengo wa mango. A Josephine anatumidwa kudzaona chomwe chikugogoda. Ndinawauza kuti a Chande akuipanga sevisi kuti alamu ailandire ili bwino. Anayang'ana injini ikulendewera m'mwamba, anayang'ana ine, n'kunena kuti sevisi yake ndi yaikulu ndithu. Anabwerera kwawo, ndipo zomwe anakanena sindikudziwa, koma a Fanuel sanabwere. Chomwe tinamanga kwa sabata zambiri chinaphwasuka dzuwa lisanapendeke. Injini yakufa ija tinaibwezera m'malo mwake, n'kuimanga ndi waya kuti isagwe. Tinabwezeranso malimu akale opanda matayala. Denga lomwe tinadula lija ndinaliika kumbuyo, chifukwa nalonso anasiya ndi malemu. Penti yokha ndi yomwe ndinalephera kuchotsa.

Loweruka m'mawa ndinabwereka ng'ombe za ngolo kuti zikoke. Ndinakhala pachiwongolero, poti wina ankayenera kuwongolera, ndipo malimu ankalira m'miyala ngati nkhumba yopita kumsika. Mudzi wonse unatuluka. Sabata yapitayo ndinkadziona ngati phungu, lero ndinali kuyang'anizana ndi michira ya ng'ombe, imodzi ikuchita zake panjira osandiopa.

A Fanuel anali atavala jekete ndi magalasi akuda. Pakhomo pawo panali kale anthu ndi matumba a soya omwe anawalonjeza kuwatengera ku Nsaru. Ng'ombe zitaima, ndinatsika, ndinagwada, n'kupereka kiyi ndi manja awiri.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mawu ali pansi.

"Zomwe anasiya achimwene anu, alamu. Muonetsetse, zonse zilipo. Nkhuku yokha ndi yomwe yakana kubwera."

Wina pagulu la eni soya anaphulika kuseka, enanso n'kutsatira. A Fanuel anatsegula kutsogolo, anaona dzimbiri ndi waya, n'kutseka pang'onopang'ono. Anavula magalasi aja. Maso awo anali ofiira, ndipo chisangalalo changa chinathera pomwepo.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu, make Triza. Nyumba mukugonayo ili pamalo a bambo anga. Dimba mukulimalo ndi la agogo anga. Walira mvula walira matope. Mwezi uno usanathe ndisakuoneninso muno."

Ndinayembekeza kuti wina ayankhula. Omwe ankaseka aja anayamba kusenza matumba awo mmodzimmodzi. Madzulo amalume anatuma uthenga wakuti ndasambula mtundu, ndipo ndi bwino ndikapume kaye kwathu ku Kabudula mitima izizire. Aliyense ankadziwa kuti kupuma kumeneko kulibe tsiku lobwerera.

Ndinapambana, eti? Ndinali ndi injini, giya bokosi, matayala, masipiringi a lole ndi hutala ya basi, koma ndinalibe galimoto, ndipo tsopano ndinalibenso nyumba. Alamu anga anali ndi galimoto yomwe sidzayendanso. Triza anati tikafika kwa agogo ake akapita yekha kubwalo la milandu za nyumbayo, kaya ndifune kaya ndisafune. Ulendo uno sindinamuletse. A Chande anabwera kudzatsanzika n'kundiuza kuti ku Kabudula akudziwako chigoba china chabwino chomwe chikungosowa mtima. Ndinawauza kuti andipatse kaye nthawi manja anga ayere.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, pangolo ya mlongo wanga yemwe anabwera kudzatitenga. Injini inatenga malo abwino pakati, ana ang'ono anakhala m'matayala, ine pamwamba pa mphasa. Palibe anatuluka kudzatiperekeza. Makomo anali otseka, ngakhale ndinkaona makatani akugwedezeka.

Titawoloka dambo, pomwe njira imalowa m'mabulugama, munthu anatuluka m'tchire atasenza kanthu kolemera kokulungidwa m'chitenje. Anali a Josephine. Anaimitsa ngolo ndi dzanja, akuyang'anayang'ana kumbuyo. Ndinaganiza kuti atumidwa kudzaona ngati ndatenga supuni ya eni. Anatula katundu uja pamphepete pa ngolo n'kufunyulula pang'ono. Unali mutu wa mashini osokera.

"Ndinagula ndekha ndi soya wanga," anatero monong'ona. "Bambo akunyumba shuga yawavuta chaka chino, miyendo ikutupa. Sauza anthu. Ndipo ang'ono awo mukuwadziwa. Dzulo wina anabwera kudzawaona, koma maso ake anali pa mashiniwa."

Ndinawayang'ana mayi amene anakhalira mipando yanga chaka chathunthu, amene ananyamula okha mapoto anga atsopano maliro asanathe n'komwe. Mwambi woyenera unafika pamlomo, wakuthwa bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anabwera pa nthawi yake. Koma milomo yawo inali ikunjenjemera, ndipo kunjenjemera kumeneko ndinkakudziwa.

"Mukawauza amuna anu kuti mashiniwa apita kuti?" ndinafunsa.

"Kokonzetsa."

"Muziti ali ku sevisi. Imatenga nthawi."

Anafuna kuseka koma zinakanika, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinamuuza Triza kuti asendeze batire. Tinaika mashini aja pakati pa injini ndi thumba la ufa, n'kufunditsa ndi mphasa. A Josephine analowanso m'mabulugama osatsanzika, ndipo mlongo wanga anakwapula ng'ombe.